Kulira kwa nsambo ya ku Clejani

Mu chimbale cha gulu la Taraf de Haïdouks chotchedwa Musique des Tziganes de Roumanie, chomwe kampani ya Crammed Discs ya ku Belgium idatulutsa mu 1991, muli nyimbo imodzi yovuta kuikonda koma yosaiwalika. Dzina lake ndi Balada conducătorului, ndipo ikukamba za kugwa kwa Nicolae Ceaușescu, wolamulira wankhanza wa dziko la Romania yemwe adawomberedwa pa 25 December 1989.

Woimbayo ndi mkulu Nicolae Neacșu wa m'mudzi wa Clejani, kummwera kwa mzinda wa Bucharest. Mawu ake ndi osasa, okalamba. Koma chodabwitsa ndi vayolini yake. Mkuluyu amamangirira kaubweya kamodzi ka kumchira wa kavalo ku nsambo, kenaka n'kumakakoka ndi zala pang'onopang'ono. Zimene zimamveka pamenepo si nyimbo ayi: ndi kubuula, ngati chitseko chakale chikutsegulidwa usiku. Amene mudaonera filimu ya Tony Gatlif ya Latcho Drom ya mu 1993 mudamuona akuchita zimenezi.

N'chifukwa chiyani kubuulaku kukundigwira mtima kuposa nyimbo zambiri zokoma? Kumbukani zimene makutu a anthu a ku Romania ankadyetsedwa. Kuyambira mu 1976 boma lidakhazikitsa chikondwerero cha Cântarea României, mpikisano wa dziko lonse womwe sukulu, mafakitale ndi midzi zinkalowamo, kufuna kaya kusafuna. Nyimbo za makolo zidachapidwa, kusitidwa, n'kuvekedwa yunifolomu. Oimba makumimakumi ankandanda bwinobwino, woimbitsa patsogolo, aliyense akumwetulira kumwetulira kumodzi, ndipo mapeto ake nthawi zonse kunali kutamanda mtsogoleri. Pofika mu 1985 wailesi ya kanema inkaulutsa maola awiri okha patsiku, ndipo gawo lalikulu linali la bwana yemweyo. Nyimbo zoterezi sizilakwitsa noti. Vuto lake n'lakuti mulibe munthu.

Neacșu amalakwitsa, amachedwa, amathamanga, amapuma pamene wafuna. Iye anali mmodzi mwa alăutari, oimba aganyu a pa maukwati ndi pa maubatizo, omwe ambiri ndi a mtundu wa Aroma. Mtundu umenewu udali pa ukapolo ku Wallachia mpaka 1856, ndipo kunyozedwa sikudathe ndi ukapolowo. Tsono taonani chodabwitsa: luso lomwe boma linkati likusunga ndi makwaya ake lidasungidwa ndi anthu omwe ankaitanidwa kudzaimba paukwati koma osakhala nawo patebulo. Nkhani ya kugwa kwa Ceaușescu adaiumba m'chikombole cha nyimbo zakale zofotokoza mbiri, zomwe makolo ake ankaimbira zigawenga ndi ngwazi.

Sindikunena kuti chimbale chonse n'chagolide. Nyimbo zovina zina zimathamanga mpaka khutu kutopa, akodiyoni ndi țambal, chida cha nsambo zambiri chomenya ndi timitengo, zikupikisana ngati zabetcherana. Pamene achikulire aimba pang'onopang'ono m'pamene pali mafuta. Ndiponso ndili ndi kachikaiko ndi mmene azungu a kumadzulo adaligulitsira gululi. Stéphane Karo ndi Michel Winter, a ku Belgium, adachita bwino kuwatulutsa m'mudzi, inde. Koma posakhalitsa oimbawa adasanduka chionetsero: adavekedwa zovala za Yohji Yamamoto, adaonekera mu filimu ya The Man Who Cried pamodzi ndi Johnny Depp. Umphawi wawo udakhala gawo la malonda. Ndi bwino kudziwanso kuti katswiri wa ku Romania komweko, mayi Speranța Rădulescu, adali atawajambula kale m'zaka za m'ma 1980, anthu akunja asanayambe kunena kuti "tawatulukira".

Masiku ano mukatchula nyimbo za ku Romania, achinyamata amakumbukira Inna ndi Hot, Edward Maya ndi Stereo Love, kapena Alexandra Stan ndi Mr. Saxobeat. Zimavinika, sindikukana. Koma zidaimbidwa m'Chingerezi, ndipo mutapanda kuuzidwa simungadziwe kuti zachokera kuti. Zasalala, ngati za makwaya aja, kungoti tsopano wolamula ndi msika.

Neacșu adamwalira mu 2002. Pezani chimbalechi, zimitsani zina zonse, mumvere kaubweya kaja kakukokedwa.