Mphindi 24: chikalata cha ku Indian Point tikachiwerengera ku Bindura

Pali mtundu wina wa zolembedwa umene akatswiri ounika mabuku sautchula kawirikawiri, chonsecho umakhudza miyoyo ya anthu kuposa mabuku ambiri a nthano. Ndikunena chikalata chimene boma limatulutsa likafuna kumasula kampani ku lamulo limene makampani ena onse akulitsatira. Chimakhala chachifupi, chopanda mkwiyo kapena chisoni, ndipo chimatha ndi mawu amodzimodzi: taunika, ndipo tapeza kuti chilengedwe sichikhudzidwa kwenikweni. Chimodzi mwa zikalata zotere chidatuluka ku America mu Seputembala 2007, ndipo ndi choyenera kuchiwerenga mofatsa kwa aliyense wokhala m'dera la migodi ngati Bindura.

Nkhani yake idayamba ndi kandulo. Pa 22 Malichi 1975, ku malo opangira magetsi a nyukiliya a Browns Ferry m'chigawo cha Alabama, wantchito ankafufuza pomwe pankatuluka mpweya pogwiritsa ntchito lawi la kandulo. Moto udagwira, udayaka kwa maola pafupifupi 7, ndipo udawononga nthambo zoposa 1,600, zina mwa izo zoyendetsa zipangizo zoziziritsira ng'anjo. Chifukwa cha ngoziyi, bungwe loyang'anira za nyukiliya m'dzikolo, Nuclear Regulatory Commission, lidakhwimitsa malamulo mu 1980. Limodzi mwa malamulowo lidati nthambo zofunikira pozimitsa ng'anjo zikutidwe ndi chotchinga chopirira moto kwa ola lathunthu pamalo pomwe pali zida zozindikira ndi kuzimitsa moto.

Mu 2005 bungweli lidayesa chotchinga china chotchedwa Hemyc ndipo lidapeza kuti sichifika ola. Kampani ya Entergy, yomwe inkayendetsa malo a Indian Point m'mbali mwa mtsinje wa Hudson, makilomita osakwana 60 kuchokera pakati pa mzinda wa New York, idali ndi njira ziwiri: kusintha chotchingacho, kapena kupempha kuti lamulo lisaigwire. Idasankha yachiwiri. Bungwe lidavomera kuti pamalo ena mphindi 30 n'zokwanira, pamalo ena mphindi 24.

Chikalata chounika zachilengedwe chomwe chidatsagana ndi chilolezochi chili ndi ubwino umodzi umene sitiyenera kuubisa: chidasindikizidwa mu gazeti ya boma, Federal Register, moti aliyense angathe kuchipeza. Zifukwa za akatswiri nazonso si zopusa. Iwo ankati m'zipindazo mulibe zinthu zambiri zoyaka, komanso zida zozimitsira moto zilipo. Mwina ankanena zoona. Chilema cha chikalatachi chili pa kamangidwe kake. Chimayerekeza mawa ndi lero, n'kupeza kuti palibe chosintha, poti chotchinga chofooka chija chidali pakhoma kale. Funso loti anthu a m'mbali mwa Hudson adalonjezedwa chiyani mu 1980 silifunsidwa. Mwanjira imeneyi cholakwa cha dzulo chimasanduka muyezo wa lero, ndipo kampani yomwe idalephera kukwaniritsa lamulo imapezeka kuti ilibe mlandu chifukwa lamulolo latsitsidwa kufika pomwe iyo yaima.

Chilema chachiwiri ndi nthawi. Anthu adamva nkhaniyi zonse zitapsa kale. Richard Brodsky, yemwe adali phungu wa nyumba ya malamulo ya chigawo cha New York, adakamang'ala kukhoti pamodzi ndi magulu a nzika. Mu 2013 khoti la apilo lidagamula kuti bungwe lija silidafotokoze chifukwa chomwe anthu sadapatsidwe mpata wolankhulapo, monga likufunira lamulo la zachilengedwe lomwe lidayamba kugwira ntchito mu 1970. Bungwe lidatsegula mpata wa ndemanga, kenaka lidasunga chilolezo chake momwe chidalili. Indian Point idatsekedwa mu 2021 popanda moto woopsawo kubuka. Wina angati ndiye kuti panalibe vuto. Koma kupulumuka kwa munthu wowoloka mtsinje wa ng'ona sikutanthauza kuti yemwe adachotsa mlatho adachita bwino.

Womasulira akafika pa liwu lachingerezi lakuti exemption amayamba wakanda mutu. Akati "kukhululukira", akuvomereza kuti padali tchimo. Akati "kupatula", womvera afunsa kuti wapatulidwayo ndi mwana wa yani. Akati "kumasula", akunena kuti lamulo lidali chingwe chozunza. Chichewa chimakukakamiza kuulula mbali yomwe waima, pomwe Chingerezi cha m'maofesi chidapangidwa kuti liwulo limveke ngati nambala ya fomu. Chimodzimodzi ndi liwu lomwe ndalimasulira kuti "kwenikweni". Mayi wotunga madzi kumunsi kwa mgodi akamva kuti madzi sadaipe kwenikweni, afunsa kuti kwenikweni kwa yani, ndipo adayeza ndani. Chikalata chosapirira mafunso awiri amenewa chikamasuliridwa ndiye kuti chidali chofooka kuyambira pachiyambi.

Bindura ilibe ng'anjo ya nyukiliya, koma nkhaniyi si yachilendo kumeneko. Tauniyi ndi likulu la chigawo cha Mashonaland Central, ndipo kumpoto kwa chigawo chomwechi, ku Kanyemba m'mbali mwa Zambezi, kuli miyala ya yureniyamu yomwe yakhala ikukambidwa kwa zaka zambiri. Mu 2021 boma la Zimbabwe lidasainirana mgwirizano ndi kampani ya boma la Russia, Rosatom, pa ntchito za nyukiliya. Dzikoli lili kale ndi bungwe la Radiation Protection Authority of Zimbabwe, komanso la Environmental Management Agency lomwe limapereka ziphaso migodi isanayambe, potsatira lamulo la zachilengedwe la 2002. Pa pepala zonse zilipo. Chomwe anthu a m'makomboni akudziwa bwino ndi momwe lamulo limakhalira ndi kakhomo kakumbuyo.

Taonani za kukumba golide m'mitsinje. Boma lidaletsa mu 2014. Mu Seputembala 2020 nduna zidaletsanso, koma zidasiya mpata pa mitsinje ya Save ndi Angwa ponena kuti kumeneko kuloledwa kuchotsa mchenga mosamala kwambiri. Mu 2024 zidaletsanso kachitatu. Lamulo likamalengezedwa katatu pa zaka khumi, ndiye kuti pakati pa zilengezozo pali anthu omwe sadagwidwe nalo. Mtsinje wa Mazowe, womwe umadutsa pafupi ndi Bindura, uli m'gulu la mitsinje yomwe yawonongeka ndi ntchitoyi, ndipo wothirira dimba ndi madzi ake sadaonetsedwe chikalata chilichonse chofotokoza yemwe adaloledwa ndi chifukwa chake.

Ambiri mwa okhala m'makomboni a Trojan, mgodi wa nikelo, ndi a migodi ya golide ya Freda Rebecca ndi Shamva, ndi adzukulu a machona omwe adachoka ku Nyasaland, kum'mawa kwa Zambia ndi ku Tete nthawi ya atsamunda. Gule wamkulu amavinidwabe kumeneko. Anthu amenewa alibe mudzi wothawirako madzi akaipa. Komboni ndiye kwawo. Mgodi wa Trojan udaimapo ntchito mu 2008 n'kudzatsegulidwanso patapita zaka zingapo, ndipo iwo adaona kuti kampani ikatseka zipata, madamu a matope a mumgodi amatsala pomwepo, mphepo n'kumaulutsa fumbi lake kupita kunyumba zawo.

Kumudzi kwa makolo awo, ku Malawi, phunziro la yureniyamu lidachitika kale. Mu 2007 boma lidasainirana pangano ndi kampani ya ku Australia, Paladin, lotsegula mgodi wa Kayelekera ku Karonga. Panganolo lidatsitsa msonkho wa pa miyala kuchoka pa 5 peresenti kufika pa 1.5 m'zaka zitatu zoyamba, kenaka 3. Mabungwe oti si aboma adapita kukhoti chaka chomwecho akudandaula za chitetezo cha anthu ndi chilengedwe, koma nkhaniyo idathera kunja kwa khoti. Mgodi udatsegulidwa mu 2009, pomwe lamulo loyang'anira za nyukiliya lidadza mu 2011. Mu 2014 mgodi udaima chifukwa cha kutsika kwa mitengo, ndipo mu 2015 bungwe la ActionAid lidawerengera kuti Malawi idataya madola pafupifupi 43 miliyoni pa zaka zisanu ndi chimodzi. Zopatula za ku Kayelekera zidali za msonkho, koma kachitidwe kake n'kofanana ndi ka ku Indian Point: pangano limalembedwa m'chipinda, anthu a kumunsi kwa mtsinje n'kumva pambuyo.

Kumasula kampani ku lamulo nthawi zina n'koyenera. Lamulo limalembedwa kamodzi, pomwe makina ndi malo zimasiyana, ndipo woyang'anira wosatha kupinda paliponse amathera poteteza mapepala m'malo moteteza anthu. Chofunika ndi chakuti wopempha kupatulidwa asenze yekha mtolo wa umboni, poyera, chilolezo chisanaperekedwe. Chikalata chabwino chinene lonjezo loyamba lidali lotani, latsitsidwa ndi zingati, adayeza ndani, ndalama zomwe kampani yapulumutsa ndi zingati, ndiponso ndani adzamwe madziwo zinthu zikadzavuta.

Malamulo aakulu a Zimbabwe a 2013 amapereka kale poyambira. Gawo 73 limapatsa munthu aliyense ufulu wokhala m'chilengedwe chosavulaza thanzi, gawo 62 limapereka ufulu wopeza uthenga womwe boma likusunga, ndipo gawo 6 limatchula Chichewa pakati pa zilankhulo 16 zovomerezeka m'dzikolo. Magawo atatuwa akawerengedwa pamodzi, wokhala ku Trojan kapena ku Chipadze ali ndi chifukwa chomveka chofunsira kuti chikalata chilichonse chomasula mgodi ku lamulo chiwerengedwe pamsonkhano, m'Chishona ndi m'Chichewa, nthawi yoti n'kukana ikadalipo. Ku New York, komwe kuli maloya ambiri ndi nyuzipepala zamphamvu, zidatenga zaka zoposa zisanu kuti khoti linene kuti bungwe lija silidafotokoze chifukwa chomwe anthu sadafunsidwe. Ku Mashonaland Central mwambo wofunsawu uyenera kuzika mizu tsopano, pa golide ndi nikelo, fosholo yoyamba isanakhudze yureniyamu wa ku Kanyemba.