Mkhristu adatseka makutu, nanga anawo adadya chiyani?

Mlaliki wina wa m'basi adatigwira mtima tonse mwezi wathawu tikunyamuka ku Lilongwe kupita ku Blantyre. Adasimba za munthu amene adathawa m'mudzi wa chionongeko, mkazi ndi ana akumuitana kuti abwerere, iye n'kutseka makutu ndi zala, liwiro osacheuka. Buku sadalitchule, mwinanso sadziwa kuti nkhaniyo njam'buku. Koma amene adakhalapo pabenchi la Sande sukulu adaizindikira msanga: ndi chiyambi cha Ulendo wa Mkhristu, buku la John Bunyan. Anthu adavomera "Ameni". Mayi amene ndidakhala naye mpando umodzi, mwana ali pamiyendo, adangoti chapansipansi, "Nanga anawo adadya chiyani?"

Funso la mayiwa ndilo landibweza ku bukuli patapita zaka zambiri, ndipo ndaona kuti n'loyenera kuliyankha.

Bunyan adabadwa mu 1628 ku Elstow, pafupi ndi Bedford ku England, ndipo adali mmisiri womata mapoto. Mu 1660 adamangidwa chifukwa cholalikira popanda chilolezo, nakhala m'ndende zaka 12. The Pilgrim's Progress idatuluka mu 1678. Amishoni adalikonda bukuli kwabasi, ndipo Isabel Hofmeyr, m'buku lake la mu 2004 lotchedwa The Portable Bunyan, adawerenga zilankhulo 80 za mu Africa zimene zidalandira nkhaniyi. Chathu chili momwemo.

Tisanamize anthu, gawo loyambali ndi ntchito ya mmisiri. Katundu wolemera kumsana, dambo lathope limene munthu amamiramo akataya mtima, msika wa Vanity Fair kumene chilichonse chili pamalonda, zonsezi zimakhala m'mutu ngakhale utaiwala ndime zonse za katekisimu. Malo amene ine ndimawakonda ndi m'ndende ya chimphona Despair. Mkhristu ndi mnzake Hopeful akhala mumdima kuyambira Lachitatu mpaka Loweruka, akukwapulidwa, osadya, kenaka Mkhristu akumbukira kuti kiyi wotsegulira zitseko zonsezo adali naye pachifuwa nthawi yonseyi. Amene adalemba zimenezo ankamudziwa munthu. Tonsefe tidalirapo panja pa nyumba kiyi ali m'thumba.

Koma taonani chimene chikusowa. M'gawo loyambali palibe amene akulima, palibe mwana wotentha thupi usiku, palibe mlamu wobwera kudzakongola ndalama. Chikhulupiriro chake n'cha munthu wa paulendo, wopanda mphika pamoto. Mudzi ndi malo othawako, anansi ndi anthu okubweza m'mbuyo, banja ndi mawu amene uyenera kuwatsekera makutu. Kwa ife kuno chithunzi chimenechi chili ndi fungo lina. Ndife dziko limene abambo ambirimbiri adanyamuka kupita ku Halale ndi ku Joni, ena mwa Wenela, ena wapansi, n'kusiya akazi ndi makasu. Boma lidaimitsa ulendo wa kumigodi mu 1974 ndege itagwa ku Francistown n'kupha a Malawi 74, koma mawu oti mtchona adatsalabe m'chilankhulo, ndipo anyamata sadasiye kupita kummwera. Azakhali anga ena adadikira zaka 19. Ndiye mukamuuza mayi wa m'basi uja za bambo woyera mtima amene adathawa osacheuka, musadabwe akayamba kuwerenga ana.

Chodabwitsa n'chakuti Bunyan mwini wake sadali wotseka makutu. Pomangidwa adasiya ana anayi a mkazi wake woyamba amene adamwalira, ndipo wachisamba, Mary, adali wosaona. Mkazi wachiwiri, Elizabeth, adali woyembekezera. Mwanayo adabadwa masiku asadakwane n'kumwalira. Mu 1661 Elizabeth yemweyo adakaima pamaso pa oweruza kudandaulira mwamuna wake, kuwauza za ana osabereka yekha amene adatsala m'manja mwake. M'buku lina la mu 1666, Grace Abounding, Bunyan akuvomera kuti kuganiza za mwana wosaonayo kunkamuswa mtima kuposa china chilichonse. M'ndendemo ankapanga zingwe za nsapato kuti banja lipeze chakudya. Funso la mayi uja ankagona nalo usiku uliwonse.

Ndikhulupirira n'chifukwa chake mu 1684 adabwerera ku nkhaniyi n'kulemba gawo lachiwiri, limene alaliki athu salitchula kawirikawiri ndipo mabuku ambiri ofupikitsa amalisiya. Apa wonyamuka ndi Christiana, mkazi uja adatsala, pamodzi ndi anyamata ake anayi, Matthew, Samuel, Joseph ndi James, ndiponso mtsikana wa pamudzi dzina lake Mercy, amene akutsatira chifukwa chokonda mnzake, kalata yomuitana alibe. Msewu ndi womwewo, koma mayendedwe asintha. Munthu sungathamange ndi ana anayi.

Ndiye ulendowu ukuyenda ngati moyo. Matthew akuthyola zipatso zolendewera pampanda wa mwini woipa, amayi ake amukalipira, patsogolo m'mimba mwayamba kupota mpaka aitana sing'anga. Mercy apeza womufunsira, Bambo Brisk, munthu wooneka wopemphera ndithu, amene akusirira kuti mtsikanayu sakhala manja lende. Atamva kuti zovala zimene akusokazo n'zopatsa amphawi ulere, chibwenzi chithera pomwepo. Ndidaseka ndekha powerenga, poti a Brisk ndimawadziwa, amakhala kutsogolo m'tchalitchi mwathu. Panyumba ya alendo ya Gaius gulu likhala kupitirira mwezi, Matthew akwatira Mercy, James akwatira Phoebe, mwana wa mwini nyumba. Ku Vanity Fair, kumene Faithful adatenthedwa m'gawo loyamba, iwo apeza okhulupirira akukhala mumzinda momwemo, ndipo anyamata awiri otsalawo akwatira kumeneko. Tangoganizani: msika umene udali chizindikiro cha dziko loipa tsopano ndi kuchikamwini.

Chigwa chimene Mkhristu adamenyanamo ndi Apollyon, magazi ali chuchuchu, Christiana achipeza chobiriwira, kamnyamata koweta nkhosa kakuimba. Malo sadasinthe. Bunyan akutiuza kuti zimene zidamuvuta Mkhristu m'chigwamo zidachokera pa kuterereka kwake potsetsereka phiri. Wolemba wa zaka 56 akuwongola zimene adalemba ali wocheperapo, ndipo sakuchita manyazi. Kukula m'chikhulupiriro kumene bukuli likukamba tikukuona mwa mlembi mwiniyo, pakati pa 1678 ndi 1684.

Ndipo taonani anthu amene akulowa m'gululi. Wina ngwoyenda ndi ndodo ziwiri, wina ngwofooka maganizo, wina atulutsidwa m'ndende ya Despair pamodzi ndi mwana wake wamkazi wamantha. Palinso mbiri ya Bambo Fearing, amene adakhala m'mbali mwa dambo lathope lija kupitirira mwezi akuopa kuoloka, nafika pakhomo n'kumaima kumbuyo kuti ena ayambe alowa. Gawo loyamba likadamuona ngati wolephera. Lachiwiri likumusimba mwachikondi, ndipo pofika pamtsinje wa imfa madzi akumuphwera kuposa masiku onse. Gululi likuyenda pa liwiro la wofooka. Amene adaonapo amayi a Mvano kapena a Chigwirizano Lachinayi, akuzungulira m'makomo mwa odwala, wina atanyamula ufa, wina nkhuni, nkhalamba ili pambuyo ndi ndodo, sangalephere kulizindikira.

Zofooka zilipo, ndipo si zazing'ono. Nkhondo zambiri akumenya ndi Great-heart, msilikali woperekeza, amayi n'kumaonerera; Bunyan sadakhulupirire kuti mkazi angayende msewuwu popanda mwamuna wa lupanga, ngakhale kuti mkazi wake yemwe adakaima yekha pamaso pa oweruza. Masamba amene Prudence akufunsa ana mafunso a katekisimu ngotopetsa, ndipo anawo akuyankha ngati madikoni opuma pantchito. Choipitsitsa, Christiana akudziimba mlandu yekha kuti adaumitsa mtima posatsatira mwamuna wake, koma palibe tsamba limene wina akufunsa mmene adalerera ana m'zaka zimenezo. Funso la mayi wa m'basi Bunyan adaliyankha theka. Adabwerera kukatenga banja, koma za chakudya chija adangokhala chete.

Komabe thekalo n'loposa zimene ife olemba a kuno timapereka. Matenda athu ndi oti nkhani ya chikhulupiriro timaithera pa tsiku lotembenuka mtima. Ngakhale Nthondo, buku la Samuel Josia Nthara la mu 1933 limene T. Cullen Young adalimasulira m'Chingerezi mu 1934, limakoma kwambiri pamene Nthondo ali wopulupudza. Akatembenuka, nkhani yatsala pang'ono kutha, ndipo munthu uja tidamuzolowera ayamba kuzilala. Nthara tingamukhululukire, ankatsegula njira. Koma timabuku ta umboni, masewero a achinyamata m'matchalitchi ndi nkhani zazifupi zimene timalandira patsamba lino zikadali pomwepo: adali chidakwa, adali wachiwerewere, adagwa pansi pamsonkhano wa chitsitsimutso, basi nsalu yatsekedwa. Zimene zidachitika Lolemba lake, ngongole ya kumowa ikadalipo, mkazi sadakhululuke, abwana akufunabe kuti asinthe manambala m'kaundula, palibe wozilemba. N'zovuta kulemba, ndikudziwa. Tchimo lili ndi ng'oma, pamene kupirira kulibe. Koma a Brisk ndi Bambo Fearing akuonetsa kuti zimatheka, ndipo owerenga amaseka n'kudziona.

Pamapeto pa gawo lachiwiri mthenga afika ndi kalata, Christiana atsanzikana ndi anzake mmodzimmodzi n'kuoloka mtsinje, okalamba ndi ofooka aja n'kumutsatira aliyense pa tsiku lake. Anyamata anayi aja ndi akazi awo ndi ana awo saoloka. Bunyan akuwasiya tsidya lino, akadali ndi zaka zoti akhale. Buku lawo sadalilembe, adamwalira mu 1688.

Mayi uja adatsika pa Lizulu, mwana kumsana, thumba la ufa pamutu. Mlaliki adali atatsika kale pa Nathenje ndi chopereka chake.