Buku Lolankhula m'Foni: Zimene Makutu Athu Anapeza

Kwa milungu itatu takhala tikuyesa pulogalamu ina ya pafoni yomvetserera mabuku, imene eni ake sanaitulutse poyera. Ili pa msinkhu umene akatswiri amautcha beta: nyumba yafoleredwa, koma zitseko zina sizinapachikidwe, ndipo omanga aitana anthu ochepa kuti agonemo ndi kunena pamene pakudontha. Pa mafoni a Android munthu amalowa m'gulu la oyesa kudzera pa Google Play, pamene pa iPhone njira yake ndi TestFlight. Dzina la pulogalamuyi sitilitchula, pakuti zina mwa zolakwa zimene taona mwina zidzakhala zitakonzedwa nkhani ino isanafike m'manja mwanu. Funso limene tinali nalo ndi lopitirira pulogalamu imodzi: kodi buku lolankhula lingakhazikike m'nyumba ngati zathu za m'mbali mwa nyanja, mmene foni ndi imodzi, makutu ndi ambiri, ndipo data imagulidwa mowerengera?

Muyeso wathu tinautenga ku chiyambi cha luso limeneli. Thomas Edison atapanga makina ojambula mawu mu 1877, imodzi mwa ntchito zimene anawaganizira inali kuwerengera mabuku anthu osaona. Maganizowo anakwaniritsidwa m'zaka za m'ma 1930 ku America ndi ku Britain, kumene bungwe lothandiza osaona, lodziwika lero kuti RNIB, linayamba kubwereketsa mabuku a pambale za galamafoni mu 1935, ndipo ena mwa omvera oyamba anali asilikali amene anataya maso pa nkhondo yoyamba ya padziko lonse. Makaseti anabwera pambuyo, kenako ma CD, kenako intaneti: kampani ya Audible inayamba mu 1995 ndipo Amazon inaigula mu 2008, pamene LibriVox, kuyambira 2005, imasonkhanitsa anthu odzipereka kuwerenga mwaulere mabuku akale amene umwini wake unatha. Mwini weniweni wa buku lolankhula, tsono, ndi munthu amene sangathe kuona tsamba. N'chifukwa chake foni tinaiika pamphasa patsogolo pa agogo athu aakazi, amene maso awo achita ng'ala, ndipo tinamvetsera nawo.

Tiyambe ndi zoyamika, pakuti zilipo. Buku likatsitsidwa m'foni limamveka popanda netiweki, ngakhale uli pagombe pokonza ukonde. Liwiro la wowerenga limasinthika. Ana asukulu amene Chingerezi cha ku London chimawathamangira anachibweza pang'ono ndipo anayamba kutola mawu amene kale ankawadutsa. Pali batani lobwerera m'mbuyo masekondi 15, mphatso yaikulu kwa aliyense amene mwera unamulanda chiganizo. Pali wotchi yozimitsa mawu yokha munthu akagona. Foni ikaitana, buku limaima ndi kudikira. Chifukwa sikirini imakhala yozima pomvetsera, batire silitha msanga monga limachitira ndi mavidiyo, ndipo m'nyumba zodalira kasola kamodzi phindu limeneli si lochepa. Pulogalamuyi imalolanso kuikamo mafayilo ako a MP3, ndipo ndi khomo limeneli limene tinalowetsera nthano zingapo zimene tinajambula tokha m'Chichewa ndi m'Chiyao kuti agogo amve za chinenero chawo.

Cholakwa chachikulu chinaoneka tsiku lachitatu. Tinaimitsa nkhani pakati kuti tikaswali, ndipo pobwera tinapeza buku labwerera kumayambiriro kwa mutu. Zinachitikanso batire litatha, zinachitikanso wina atatsegula WhatsApp kwa kanthawi. Mafoni otsika mtengo ali ndi memori yochepa, choncho Android imatseka mapulogalamu amene sakugwiritsidwa ntchito kuti ipeze malo. Pulogalamu yolembedwa bwino imayenera kusunga m'foni momwemo malo amene womvera wafika, mphindi iliyonse. Iyi, monga tinaonera, imakumbukira bwino pokhapokha netiweki ikakhalapo. Wina anganene kuti ndi kachilema kakang'ono. Koma wowerenga buku la pepala amapinda tsamba, ndipo akasochera maso amamubweza msanga. Womvera alibe tsamba lopinda. Agogo sangasanthule maola asanu ndi chala pofuna pamene kalulu anasiyira mawu. Tsiku limenelo anangoti, "Zimitsani, mwatopa nazo kufunafuna," ndipo anatembenukira kukhoma. Pulogalamu yomvetserera mabuku imene siisunga malo yalephera ntchito yake yoyamba, kaya maonekedwe ake akongole chotani.

Cholakwa chachiwiri ndi cha maganizo a oipanga. Zikuonekeratu kuti m'mutu mwawo munali munthu mmodzi, wovala mahedifoni, wokhala m'sitima ya pamtunda popita kuntchito, wosasokonezedwa ndi aliyense. Kwathu kumvetsera n'kwa pagulu ndipo n'koduladula: bwato lafika, wogula usipa waima pathandala, mlendo wati odi. Bambo akapitiriza buku usiku, mayi amene anasiyira pa mutu wachinayi amapeza chizindikiro chasuntha, popeza buku lililonse lili ndi chizindikiro chimodzi chokha. Kuika zizindikiro zingapo, chilichonse ndi dzina la mwini wake, si ntchito yovuta kwa akatswiri; chimene chasowa n'kudziwa kuti pali nyumba zimene foni imadutsa m'manja asanu dzuwa lisanalowe. Mabatani nawonso ndi aang'ono ndipo malemba onse ndi a Chingerezi. Titayatsa TalkBack, chida cha Android chimene chimawerengera osaona zimene zili pasikirini, mabatani ena chinalephera kuwatchula chifukwa sanapatsidwe mayina. Luso limene linabadwira osaona lawatsekera kunja.

Chachitatu ndi ndalama. Mawu ojambulidwa pa mlingo wa 64 kbps amadya pafupifupi 29 MB pa ola limodzi. Buku la maola 10 ndi 290 MB, kupitirira kotala la bandulo ya 1 GB. Pa 32 kbps kulemerako kumatsika ndi theka, ndipo mawu a munthu mmodzi wolankhula amamvekabe bwino, makamaka pa kasipika ka foni. Pulogalamuyi siipereka mwayi wosankha mlingo, siinena kukula kwa buku usanadine, ndipo netiweki ikaduka pakati kutsitsa kumayambiranso pachiyambi. Tinataya bandulo yathunthu pa buku limodzi mwa njira imeneyi. Wogulitsa nsomba amene amabisa mtengo kufikira utanyamula dengu sitimubwerera kawiri.

Pali gawo lina limene eni ake amanyadira: mawu a makina amene amawerenga chilichonse cholembedwa chimene waikamo. Pa Chingerezi amayesetsa. Titawapatsa tsamba la Chichewa, nyumba yonse inagwa ndi phwete. "Phiri" linasanduka "firi", "thupi" linatchulidwa lilime lili pakati pa mano, ndipo "ng'ombe" inathyoledwa pawiri. Kuseka kutatha, vuto lenileni linaoneka. Chichewa chimasiyanitsa matanthauzo ndi kukweza kapena kutsitsa mawu: mtengo wa m'nkhalango ndi mtengo wa pamsika amalembedwa mofanana, khutu lokha ndilo limawalekanitsa. Makina ophunzitsidwa Chingerezi sadziwa zimenezi. Ife amene tinakulira pa wailesi, tikumvera Kapalepale ndi Sewero la Sabata Ino pa MBC, tikudziwa kuti wowerenga wabwino ndi theka la nkhani: amadziwa popumira, amadziwa kuti mkamwini salankhula ndi apongozi monga amalankhulira ndi mnzake wa pabawo. Khutu lozolowera zotere silinyengeka ndi mawu osalala opanda mpweya.

M'nkhokwe ya mabuku ya pulogalamuyi tinafufuza Chichewa, tinafufuza Chiyao, osapeza kanthu. Pano mlandu sitingausenzetse oipanga okha. Shelefu angaikhome iwo, koma mabuku oikapo ayenera kuchokera kwa ife: olemba, osindikiza, ndi owerenga a mawu abwino amene m'midzi mwathu sasowa. Foni wamba ndi chipinda chachete zikukwanira kujambula mutu umodzi womveka. Chenjezo lathu n'lakuti buku lili ndi mwini. Kujambula ntchito ya wolemba popanda chilolezo chake ndi kumudyera thukuta, ndipo bungwe la COSOMA lilipo kuti liyang'anire umwini umenewu. Nthano za makolo, mbiri ya mudzi, ndi zimene akuluakulu akukumbukira za nyanja ndi nyengo zake tingayambe nazo lero lomwe, titapempha eni mawuwo.

Chigamulo chathu ndi ichi: pulogalamuyi, mmene ililimu, musaiwonongere ndalama, ndipo musaisiyire nkhalamba kapena wosaona kuti alimbane nayo yekha. Wophunzira amene akufuna kuzoloweretsa khutu ku Chingerezi, ndipo ali ndi kotsitsira mabuku pa Wi-Fi, apindula nayo ngakhale tsopano. Koma amene angathe kulowa m'gulu la oyesa pulogalamu iliyonse ya mtundu umenewu alowe, ndipo asakhale chete. Akuluakulu anati m'mera mpoyamba. Nthawi ya beta ndiyo imene oipanga amawerenga madandaulo ndi kusintha maziko. Ikadzatuluka poyera adzakhala akungopaka utoto. Ngati onse owalembera ali a m'mizinda ya ku Ulaya, pulogalamuyo idzakula ndi makhalidwe a kumeneko.

Ife tawalembera zinthu zinayi: malo asungidwe m'foni, zizindikiro zichuluke, kukula kwa buku kuoneke ndipo kutsitsa kupitirire pamene kunadukira, mabatani onse apatsidwe mayina. Podikira yankho, tabwerera ku njira yakale. Mdzukulu wamkulu amakhala pafupi ndi agogo ndi kapepala, ndipo nkhani ikaima amalemba ola ndi mphindi yake. Dzulo madzulo agogo anafunsa okha kuti, "Kodi tinasiyira pati?" Mwanayo anayang'ana kapepala, nasuntha chala pasikirini, ndipo kalulu anapitiriza mawu ake.