Dotolo Akalakwa, Adule Mlandu Ndani?

Dotolo akalandira wodwala m'cipatala, lamulo limsenzetsa udindo wakumsamala ndi luso loyenera nchito yace. Akanyozera udindo umenewo, wodwala napweteka kapena kufa, pali mlandu. Koma kodi bwalo lidziwa bwanji kuti dotolo ananyozeradi?

Muyeso umene mabwalo a Zambia atsata unacokera ku England. M'caka ca 1957 kunali mlandu wa munthu wina dzina lace Bolam, amene anathyoka mafupa a m'ciuno pamene anali kumciza ndi magetsi pa cipatala ca Friern, ku London, osampatsa mankhwala olefula minofu. Woweruza McNair analongosola kuti dotolo alibe mlandu ngati wacita monga gulu la madotolo odalirika likadacitira, ngakhale ena atsutse. Bolam anagonja. Mu 2007 Supreme Court ya Zambia inabvomereza muyeso womwewo, pa mlandu wa mwana amene anameza citsekero ca botolo namwalira atacizidwa ku University Teaching Hospital.

Muyesowu uli nao ubwino wace. Si maliro onse a m'cipatala ali ndi mwini wace. Matenda ena aposa nzeru za munthu, ndipo dotolo woopa milandu adzaopanso kugwira mpeni pamene wodwala afunika kung'ambidwa.

Komatu cirema cace n'cacikuru. Pa bwalo la Mfumu Zingalume nkhoswe imalankhulira mbale wace, koma siidula mlandu. Audula ndi mfumu pamodzi ndi nduna zace. Muyeso wa Bolam uika nkhoswe pa mpando wa mfumu, pakuti madotolo ndiwo anena ngati mnzao walakwa. Taganizani za mlimi wa kwa Zingalume amene mkazi wace wafa pobala, atamsiya usiku wonse osamuona. Kuti apambane ayenera kupeza dotolo wina wobvomera kucita umboni wotsutsa mnzace, alipire loya, nayende ulendo wa ku Chipata kangapo. Cotero ambiri angoti, "Ndi kufuna kwa Mulungu," kapena aloza mfiti m'mudzi, ndipo nkhalamba yosacimwa isenza mlandu wa cipatala.

Ku England komweko analiona bvuto ili. Mu 1997, pa mlandu wa Bolitho, House of Lords inati woweruza angathe kukana mau a madotolo ngati alibe maziko omveka. Mabwalo athu ayenera kugwiritsa ciweruzo cimeneci kolimba, kuti mau otsiriza akhale a woweruza.

Inu amene mwatsiriza sukulu, ndinu maso a makolo anu. Dziwani kuti dandaulo lingatumizidwe kwa Health Professions Council of Zambia, bungwe loyang'anira ndi kulanga anchito a m'zipatala. Sungani makhadi a cipatala, ndipo lembani ola limene wodwala anafika ndi ola limene anaonedwa, pakuti pepala lolembedwa tsiku lomwelo ndiyo mboni imene mlimi angaipeze popanda ndalama.