ZA MAYESO A MASAMU NDI MAPEPALA AKALE

Caka ndi caka, pakuyandikira mayeso a Fomu 4, timaona anyamata ndi asungwana a ku Dzaleka ndi a m'midzi ya kufupi atakhala m'mithunzi, yense ndi mtolo wa mapepala a mayeso akale, obwerekana kufikira atha m'mbali monga nsaru ya mmphawi. Khama lao tiliyamika ndithu. Koma tiri nao mau pa maphunziridwe otere, makamaka pa masamu, ndipo mauwo sali okoma onse.

Mayesowo ndiwo a MSCE, amene awakonza bungwe la MANEB ku Zomba, lokhazikika m'caka ca 1987. Cipambano aciyesa ndi manambala: 1 ndi 2 ndiwo apamwamba, 3 kufikira 6 ndiwo abwino, ofunidwa pa khomo la yunivesite, 7 ndi 8 ndiko kungooloka, ndipo 9 ndiko kugwa. Aliponso masamu ozama, ochedwa Additional Mathematics, amene angosankha ena.

Cotidandaulitsa ndi ici: ana ambiri salikuphunzira masamu, alikuloweza mayankho. Tiyese funso limodzi. Munthu ali nao mpanda wa mamita 40, nafuna kucinga dimba la ngondya zinai lalikuru koposa. Mwana woloweza ayankha msanga kuti mbali zonse zikhale za mamita 10, dimba likhale la 100, pakuti anaona cotero m'pepala lakale. Ndipo alondola. Tsono wofunsa angosintha pang'ono, nati mbali imodzi ndiyo mtsinje, wosafuna mpanda. Pomwepo mwana uja aima monga mbuzi pa mlatho, nalembanso 100. Koma wodziwa cifukwa cace aona kuti mpanda tsopano ucinga mbali zitatu zokha. Ayesa 10 ndi 10 kucokera kumtsinje ndi 20 kutsata mtsinje, napeza 200. Onse awiri anagona usiku pa nyali imodzi, koma wina anasenza mtolo wosadziwa za m'kati mwace.

Mlandu suli pa ana okha. Ife aphunzitsi, poona masiku alikutha ndi mitu ya m'buku ikali yambiri, tithamangira kulemba njira pabolodi, ana nakopera, ife ndi kunena kuti taphunzitsa. Liriponso vuto la cinenero. Mafunso onse afika m'Cingerezi. Mwana wa m'mudzi aganiza m'Cicewa. Ndipo mumsasa wa Dzaleka, umene unatsegulidwa m'1994 kulandira othawa nkhondo, muli ana a ku Congo, Burundi ndi Rwanda, ena a iwo atayamba sukulu kwao m'Cifalansa. Kawiri kawiri mwana wotere sagwa pa kuwerengera, agwa pa liu limodzi la m'funso. Cifukwa cace tinena kuti asanagwire colembera, ayambe wafotokoza funsolo m'cinenero ca amai wace. Akalephera apo, sanalimve.

Kumene kuloweza kutsogolera tinakuona m'2020. Mapepala a MSCE anaturuka mobisika asanafike masiku ace, Boma linathetsa mayesowo m'Novembala, ndipo olakwa ndi osalakwa omwe analembanso m'Januwale 2021. Wogula pepala lakuba ndi woloweza pepala lakale asiyana pa cilungamo, koma onse akhulupirira cinthu cimodzi, cakuti nzeru ikhala m'pepala.

Sitinena kuti mapepala akale atenthedwe, iai. Athandiza kuyesa liwiro, ndi kuzoloweza mwana kulemba njira yonse, popeza oyesa apatsa malikisi pa njira, si pa yankho lokha. Koma abwere potsiriza, mutuwo utamveka.

Ndipo inu akuru a m'midzi, musati masamu awa atipitirira. Muitaneni mwana wanu kunkhokwe, mumfunse kuti mukaluka yina ya msinkhu womwewo, koma yotambasuka kawiri m'mimba mwace, cimanga colowamo cidzacuruka kangati. Akati kawiri, mumbweze kwa mphunzitsi wace; pakuti cidzacuruka kanai.