Chamba cha kutsidya kwa nyanja

Ukachoka ku Sanjala mu Lichinga n'kutsikira kugombe la Metangula, kutsidya kwa nyanja kuli Nkhotakota, kwawo kwa chamba chimene azungu adachitcha Malawi Gold. Kuno ku Lichinga timati suruma, ndipo lamulo silichilola.

Chimatalika kuposa munthu, masamba ake ndi owonda, ndipo sichifulumira kukhwima. Chimafuna mlimi wodekha. Ulemu upite kwa alimi amene akhala akusankha mbewu chaka ndi chaka, n'kumakulunga zokolola m'makungwa a nthochi, kumanga zolimba ndi luzi mpaka fungo litakhazikika. Aphungu a ku Malawi ataloleza chamba cha mankhwala ndi cha mafakitale mu 2020, mtengo wa ziphaso udali wokwera moti mlimi wakumudzi, mwini mbewuyo, adangoonerera.