Mpanda Wopanda Mlonda

M'caka ca 1963 bungwe la United Nations linapempha maiko kuti aleke kugulitsa zida za nkhondo kwa boma la tsankho la South Africa. Koma pempho silimanga munthu. Dziko la France linagulitsabe ndege zace za Mirage. Lamulo lenileni linadza m'caka ca 1977, ndegezo zitafika kale. Ndipo pofika 1986 amisiri a komweko, pothandizidwa ndi a ku Israel, anali atakonzanso zina mwa izo, nazicha Cheetah. Cifukwa cace ife titi: maboma oletsa katundu padoko, koma olola nzeru za amisiri zituruke, amanga mpanda wopanda mlonda. Ndipo osauka nako kucedwaku ndiwo anthu a ku Angola, kumene ndege za Mirage zinaponya mabomba.